Matailosi a M'chipatala

Aníbal wandifunsanso lero
pa telefoni, ali kwawo ku Paysandú:
"Nélida, kodi umawakumbuka bambo?"
Ndayankha kuti eya.
Sindinaname, koma choona sindinachimalize.

Ndimakumbuka kuti linali Lachinayi.
Tinakwera basi ya 121,
mpando wachitatu kumanzere unali wong'ambika
ngati khutu la galu wandewu.
Pakhonde la chipatala panali matailosi 214,
awiri osweka, limodzi lobiriwira mosiyana ndi anzake.
Getsi la m'chipinda mwawo linkalira,
inu simulimva, ine ndimalimva,
kulira kwa udzudzu wotsekeredwa m'botolo.
Zonsezi zili m'mutumu, zouma bwino,
anankafumbwe sanazikhudze.

Koma nkhope yawo?
Ndikaiitana imabwera zidutswazidutswa:
nsidze imodzi, kachipsera ka pachibwano,
dzino lija lopendekeka.
Zimakana kulumikizana,
ngati mbale yosweka imene wina wandipatsira m'thumba
n'kunena kuti, nayi mbale yako.

Chaka chatha dokotala wa ku Pocitos
anandipatsa dzina la chimene ndakhala nacho chibadwire: otizimu.
Ndinali ndi zaka 46.
Anandiyang'ana kudikira misozi,
ine ndikuwerenga mabatani a malaya ake,
asanu ndi awiri, limodzi losokedwa ndi ulusi wina.
Misozi inabwera Lamlungu, m'sitolo,
pakati pa sopo ndi mafuta ophikira,
mochedwa ngati kalata yosochera.

Pachitseko changa pali timapepala tachikasu.
Nélida, zimitsa gasi.
Nélida, kiyi.
Nélida, wadya?
Pakatha sabata timasanduka khoma,
maso amangotidutsa,
ndiye ndimalemba tina n'kumata pamwamba pa takale.
Chitsekocho chikunenepa.

Kuntchito, kumene timasunga mapepala akale a doko la Montevideo,
sitima ya 1987 ikawasowa amathamangira kwa ine.
Ndimawauza shelefu, bokosi, ndi banga la khofi pa tsamba loyamba.
Amawomba m'manja.
Koma Zulema, amene takhala desiki limodzi zaka khumi ndi chimodzi,
atameta tsitsi mwezi watha
ndinamulonjera ngati mlendo, n'kumufunsa amene akufuna.
Anaseka. Kenako anasiya kuseka.

Ndipo zilipo zimene ndikanakonda zitachoka.
"Mwana uyu ndi wamwano, sayang'ana munthu m'maso."
Mawu a aphunzitsi, fungo la choko chonyowa,
dzuwa likugwera pa nsapato yanga yakumanja.
Amati chilonda chimapola ndi masiku.
Changachi sichidziwa kuwerenga masiku,
ndikachikhudza chimakhala cha m'mawa uno.

Anthu amayesa kuiwala ndi kusakonda.
Ndaiwala tsiku lobadwa la Aníbal kasanu ndi kamodzi,
koma ndikudziwa kuti ali ndi zaka zinayi
anabisa nkhono m'thumba la jekete ya bambo,
ndipo anaitcha Eulogio.

Pa telefoni paja panakhala bata.
Kenako anati, mawu ake atatsika:
"Ine nkhope ndili nayo, ndimaiona ndikamameta ndevu.
Chimene chandithawa ndi mluzu uja
ankaimba akamakonza njinga pabwalo.
Ndaufunafuna zaka zonsezi."

Ndinaika chikho cha yerba pansi.
Ndinanyowetsa milomo.
Unatuluka wonse, osaperewera:
kukwera katatu, kutsika kamodzi,
kenako malo aja ankaima kuti atsokomole,
nanenso ndinaima, n'kutsokomola.

Kutali uko, mchimwene wanga anapuma mosweka.
"Bwerezanso," anatero.
Ndinabwereza.
"Bwerezanso."

Kukhitchini ketulo inali itauma kalekale,
fungo la chitsulo chopserera likudzaza nyumba.
Ndinalimva ndithu.
Ndinapitiriza kuimba.